Kambale Kanafika Kalata Ili M'njira

9 Malichi

Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga. Kuno tilipo. Kalata iyi ndaipereka m'manja mwa adalaivala a basi ya m'mawa, ndipo ndawauza kuti akupatse iweyo kumalo ako ometera, osati kunyumba. Ukawerenga usaisiye pashelefu ya mafuta. Sindinaimbe foni chifukwa ikangolira amayi amabwera kudzaima pakhomo, ndipo makutu awo amagontha pokhapokha tikamawauza za mankhwala.

Mwezi wathawu ndinachitidwa opaleshoni. Usadzidzimuke, ndinatuluka, ndikuyenda, ndipo sabata yamawa ndiyambiranso ntchito. Madokotala anachepetsa chifu changa. Anachotsa gawo lalikulu n'kusiya kathumba kowonda ngati nthochi. Ndinapempha ndekha. Shuga wanga anali atafika pamene panafika wa malemu bambo chaka chija anayamba kubisa chala chakuphazi musokosi. Zonse zimene ukuganizazo ndinayesa: kuyenda m'mawa, kusiya buledi, mapiritsi. Munthu amene ntchito yake ndi kuyendera masikelo a m'masitolo sanganamizidwe ndi sikelo ya kubafa kwake.

Poyamba ndinkangomwa zamadzimadzi. Tsopano ndili pa zofewa: dzira, nsomba yophwanya ndi foloko, yogati wopanda shuga. Masupuni ochepa, ndakhuta. Chodabwitsa n'chakuti njala sindiimva. Ndimadya chifukwa belu la foni lalira, ngati ndikumwa mankhwala. Malamulo ake ndi akuti ndisamwe madzi ndikudya, nditafune mpaka chakudya chisalale, ndipo ndisathamange. Ndikathamanga chimaima pachifuwa n'kubwerera kumene chachokera.

Amayi usawauze. Bambo analowa m'chipinda cha opaleshoni kukadulidwa mwendo, ndipo mpaka lero amayi amati chinawapha ndi mpeni, osati shuga. Komanso tebulo lathu ukulidziwa. Mawu akuti “ndakhuta” amayi sanawamvepo. Nditabwera panopa angandidzazire mbale yaikulu ija, ine n'kudya kuti asakhumudwe, n'kuwononga zimene madokotala anasoka. Choncho sindibwera mpaka nditaphunzira kudya.

Iwowo akudya bwanji? Ulendo wathawu ndinaona diresi lawo lobiriwira likulendewera m'mapewa. Undiuze zoona, osati zoti “alipo”.

Ine mlongo wako.

20 Malichi

Achemwali,

Moni wochokera kuno, mlamu wanu akuti mupole msanga. Kalata ndinaiwerenga kawiri kasitomala ali pampando ndi mutu wometa mbali imodzi, mpaka anafunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati ayi, ndi achemwali anga achepetsa thanki.

Nthochi? Inu amene munkandibera mwendo wa nkhuku ine nditatsinzina popemphera? Chabwino. Koma mukanandiuza musanalowe, ndikanabwera kudzakhala pabenchi. Zimenezo ndasunga, tidzakambirana.

Mwati ndinene zoona. Amayi akuphikabe ngati bambo alipo, poto wake yemwe uja. Amaika patebulo, amakhala pampando wawo. Ine mukundidziwa, ndimadya ngati wakuba chifukwa anthu akundidikira pabenchi, ndipo mlamu wanu amathamangira kusitolo. Tikangonyamuka iwonso amanyamuka, mbale yawo atangoikanda m'mbali. Mukukumbuka kuti bambo ankakhala patebulo mpaka mpunga kuzizira, akusimba za kuntchito kwawo, amayi akuwatsutsa mawu alionse. Ndazindikira tsopano kuti amayi ankadya akutsutsa. Panopa alibe womutsutsa. Akuti m'kamwa mulibe kukoma. Tiyi ndi kachidutswa ka buledi, tsiku latha. Mphete yaukwati aikulunga ulusi kuti isavuke.

Ndinapita nawo kukiliniki. Anamwino anawapima n'kunena kuti matenda palibe, koma akapitiriza chonchi tsiku lina tidzawatola pansi. Mbale yomaliza imene ndinawaona atamaliza ndi ya tsiku lija munabwera, mutakhala nawo mpaka poto kuoneka pansi.

Ndiye onani mmene zilili. Inu mukuthawa tebulo, tebulolo likufuna inu. Ngati simubwera, alembereni kalata yawoyawo, chifukwa basi ikaima amasuzumira pawindo.

Mukapeza mano a mashini anga ometera, tumizani. Ali panowa akuzula m'malo modula, ndipo aphunzitsi aakulu analira misozi Loweruka.

Mzime wanu.

2 Epulo

Amayi,

Ndakupatsani moni, ine ndi mkamwini wanu. Ndikhulupirira mawondo akukuvutaniko pang'ono mwezi uno.

Pepani kuti sindinabwere monga ndinanenera. Adokotala andiletsa maulendo aatali a pabasi kwa kanthawi. Si matenda oti mude nawo nkhawa, ndipo ndikupita kukaonedwa pa masiku amene anandipatsa. Kungoti masiku ano nseru imandipeza kawirikawiri, fungo la mafuta okazingira sindikugwirizana nalo, ndipo andiuza kuti ndizidya pang'ono koma pafupipafupi. Zonse ndidzakufotokozerani pamaso.

Mzime akuti simukudya. Chonde, Amayi, ngakhale dzira limodzi m'mawa.

Mwana wanu woyamba.

27 Epulo

Mzime,

Moni. Kalata iyi ndaiponya papositi dala. Phukusi ndilo ndapereka kwa adalaivala, ndipo ndaganiza kuti likagwera m'manja mwa amayi lisakhale ndi kalata m'kati. Ya amayi ija ndinailemba katatu kuti musakhale bodza ngakhale limodzi. Uione, mulibe.

M'phukusimo muli mano a mashini ako, kambale ndi kasupuni. Kambaleko ndinakagula m'sitolo ya zinthu za ana chifukwa ndi kokhako kamene kanakwana muyezo umene anandiuza kuchipatala. Ndinakayeza kuntchito. Kali ndi zithunzi za abakha m'mbali, usaseke. Ukabise kometerako. Kenako uyambe kuwauza amayi pang'onopang'ono kuti chifukwa cha shuga ndikudyera m'mbale yaing'ono. Akazolowera mawuwo, ukaike mukabati pakati pa mbale zina, kuti ndikadzabwera mu Juni kasadzakhale kachilendo. Ndikadzafika nako m'chikwama adzati ndanyoza mbale zawo.

Njala yabwerera, koma si imene ndinkaidziwa. Lachiwiri ndinapita kukayendera sikelo ya pamalo ena ophikira buledi. Ndinaika miyala yanga yoyezera, ndinaona kuti sikelo ili bwino, ndinamata chidindo, ndipo potuluka ndinapezeka ndagula donasi. Sindikumbuka kuti ndinaganiza liti zogula. Ndinadya theka m'galimoto. Posakhalitsa thukuta linali kamukamu, mtima ukugunda m'makutu, ndipo ndinagona pampando wakumbuyo mutu uli pabokosi la miyala. Mnzanga woyendetsa ankafuna kuthamangira kuchipatala. Ndinamuuza kuti ndi shuga walowa msanga m'matumbo, zitha zokha. Zinathadi.

Mayi wotiphunzitsa za zakudya kuchipatala sanandikalipire. Anati njala zilipo ziwiri, ya m'thupi ndi ya m'mutu, ndipo mpeni umafika pa imodzi yokha. Anandipatsa njira yozisiyanitsira. Ndikamva njala ndizidzifunsa ngati dzira lowiritsa lingandikwanire. Ngati inde, ndidye. Ngati mtima ukukana dzira n'kumatchula donasi, imeneyo si njala, ndipite ndikayende kapena ndiimbire munthu. Ndaona kuti yam'mutuyo imabwera ndikalakwitsa kanthu kuntchito, komanso ndikamaganiza za mphete yokulunga ulusi ija.

Panopa ndayamba zolimbako: nkhuku yofewa, nyemba, masamba. Ndimayamba ndi nyama, mpunga pomaliza ngati malo atsala, ndipo kawirikawiri satsala. Ndimaika supuni pansi ndikatapa kamodzi. Alamu ako amadya, amatsuka mbale yawo, amamvera nkhani pawailesi, ine ndikadali pakambale. Ndimamvanso kuzizira nthawi zonse. Akuti zimachitika thupi likamatsika.

Undiyankhe ukalandira zonse ziwiri.

Mlongo wako.

3 Meyi

Mwanawanga,

Ndili bwino, kaya iwe. Ndikulemba ndekha, ukaona zilembo zikutsetsereka ndi magalasi.

Phukusi lafika. Mlongo wako anali ndi mutu wa munthu m'manja, ndiye adalaivala anandipatsa ine, ndipo ndinamasula. Zitsulo zake ndamupatsa.

Ine si mwana. Nseru, fungo la mafuta, kudya pang'ono pafupipafupi, adokotala oletsa basi, masiku okaonedwa, lero kambale ka abakha ndi kasupuni. Ndamva. Iwe kuyambira uli wamng'ono sunenapo chinthu molunjika, umayamba wachizungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Sinditchula, iwenso usatchule. Tadikira zaka khumi ndi ziwiri, miyezi singatikanike.

Ndinakhala pansi kukhitchini ndi kambaleko, ndinalira pang'ono, kenako ndinamva chinthu chimene ndinachiiwala. Njala. Ndinakazinga mazira awiri ndipo ndinadya nditaimirira ngati mlongo wako. Munthu amene adzabereke mnzake kumsana ayenera kukhala ndi msana.

Usakwere basi. Usanyamule miyala yako ija, anyamule amuna, amalipidwa. Nseru ikavuta uzidya buledi wouma usanadzuke pabedi, ndi zimene zinkandithandiza ndili ndi iwe.

Mkamwini wanga umuuze kuti zonse zimene ndinkamuganizira ndamukhululukira.

Kambale ndakaika mukabati yagalasi, pamwamba, pamene pali makapu a alendo.

Mayi ako.

12 Meyi

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ya papositi yafika dzulo itazungulira dziko lonse, kambale katakhala kale masabata awiri mukabati yagalasi ngati chikho cha mpira. Nzeru zanu zolekanitsa kalata ndi phukusi zagwira ntchito bwino kwambiri. Amayi sanapeze kalata.

Nkhani izi si zoti mwamuna azilembera mlongo wake, koma palibe wina. Tsiku lija ndinalowa m'nyumba ndi thaulo paphewa, n'kuwapeza akupukuta abakha anu ndi nsonga ya nsalu. Anandiyang'ana n'kuti, “Iwe, uli ndi maso koma suona.” Ndinamvetsa nthawi yomweyo chimene akuganiza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze. Ndiye ndinaona chiwaya cha mazira chili mbee, atachipukuta ndi buledi. Ndinatseka pakamwa.

Achemwali, akudya. M'mawa, masana, madzulo. Dzana anandimenya dzanja ndikutenga chidutswa chomaliza cha nsomba, akuti, “Wakula kale iwe, siyira amene ali ndi ntchito kutsogolo.” Anayenda okha mpaka kusitolo ya mlamu wanu kukagula ulusi wachikasu, akuti wachikasu sulakwa kaya kubwere ndani. Madzulo amakhala pakhonde akuluka, akukangana ndi wailesi. Mlamu wanu akudziwa zoona zake, ndipo akawaona akuwerenga mizere ya kajuzi amathawira kubafa.

Ndikudziwa chimene mukuganiza. Koma ine sindinaname, ndangokhala chete, ngati mmene inu munalembera kalata yopanda bodza ija. Tonse taphunzira sukulu imodzi.

Pempho langa ndi ili. Musafulumire. Asiyeni aikeko kamnofu pamafupa, mwezi umodzi kapena iwiri, kuti nkhaniyo ikadzawagwetsa adzagwere pofewa. Munalira mvula kuti adye, matope ake ndi amenewa.

Mano a mashini akwana ndendende. Aphunzitsi aakulu akuthokoza.

Mzime wanu.

21 Meyi

Mzime,

Moni. Makalata onse awiri ndalandira. Ya amayi ndinawapatsa alamu ako kuti awerenge. Atafika pamene awakhululukira anaseka, kenako anaipinda bwinobwino, anatuluka panja n'kukatsuka galimoto imene anali atatsuka kale m'mawa. Sitinakambirane. Nkhani ya mwana m'nyumba muno tinaiika pamwamba pa kabati kalekale, ndipo tinali titazolowera kusayang'ana m'mwamba.

Ndaganizira pempho lako mbali zonse. Kuntchito ndikapeza sikelo yonama sindifunsa kuti ikukomera ndani, wogula kapena wogulitsa. Ndimaimata pepala lofiira. Koma sindinapezepo sikelo yonama imene ikudyetsa mayi anga.

Vuto ndi lakuti chinthu ichi chili ndi tsiku lake lothera, ndipo amayi akudziwa kuwerenga miyezi kuposa ife. Sabata iliyonse imene akulemera, ndi sabata yomweyo imene akukwera pamwamba pamene adzagwere. Usaganizenso zoti mwina zingachitikedi. Adokotala anandichenjeza kuti ndisayerekeze kwa chaka ndi theka, thupi lisanakhazikike, ndipo kupitirira apo sanalonjeze chilichonse.

Dzulo ndinapezeka ndaima pakabati ndikudya mabisiketi a alendo. Dzira lowiritsa linali mufiriji, ndinaliona. Zonse zinabwerera. Ndalemba tsikulo kuti ndikanene kuchipatala.

Sindinawayankhe amayi. Chilichonse chimene ndingalembe chikhala bodza kapena chikhala mpeni. Undipatse nthawi.

Mlongo wako.

10 Juni

Achemwali,

Moni. Mwakhala chete, ndiye ndikuuzeni mmene nthawi yanu ikuyendera kuno.

Kajuzi katha. Anamwino akuti amayi ayamba kulemera pasikelo, ndipo anawafunsa chinsinsi. Amayi anangomwetulira n'kuyang'ana kudenga. Ulusi wa pamphete auchotsa.

Tsopano gwirani mtima. Akuti popeza inu simungakwere basi, akwera iwo. Awauza kale adalaivala kuti awasungire mpando wakutsogolo kumapeto kwa mwezi uno, ndipo sutikesi ya bambo ili padzuwa. Ndinati mawondo, anati apola. Ndinati nyumba yanu ndi yaing'ono, anati adzagona kukhitchini. Ndinati dikirani akuitaneni, anandifunsa kuti ine anandiitana ndani pobadwa.

Adzatsika basi, adzakuyang'anani pamimba, ndipo adzapeza munthu amene watsala theka. Ndinapempha miyezi iwiri, ndabweza pempho. Koma ine ndiye sindinena. Ndili ndi lezala m'manja tsiku lonse, sindifuna kunjenjemera.

Mzime wanu.

14 Juni

Amayi,

Ndakupatsani moni. Muwerenge kalata iyi mutakhala pansi, Mzime ali pafupi. Nthawi ino sindizungulira.

Sindine woyembekezera. Kulibe mwana amene akubwera. Kambale ndi kasupuni ndi zanga, ndimadyera zotero.

Mu Febuluwale ndinachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, chifukwa shuga wanga anali kulowera kumene kunalowera wa bambo. Ndinasankha ndekha, ndipo ndinachira bwino. Shuga watsika, mapiritsi ena andisiyitsa. Nseru ndi zonse ndinalemba zija zinali zoona, koma ndinazisanja mwanjira yoti musadziwe chimene chinazibweretsa. Nditalandira kalata yanu ndinayenera kukuyankhani tsiku lomwelo. Ndinakhala chete chifukwa ndinamva kuti mukudya.

Ndinakubisirani pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mumaopa mpeni. Chachiwiri, ine ndimaopa tebulo lanu. Simunandilakwire. Kungoti kwathu munthu amaonetsa kuti wafika pomaliza mbale, ndipo ine sindingathenso kumaliza. Ndimadya zokwana m'kambale kaja, pang'onopang'ono, osamwera madzi. Nyama yolimba, zotsekemera ndi zamafuta ambiri zimandidwalitsa. Mukandiwonjezera ndidzakana, ndipo ndinkaopa nkhope yanu pamene ndikukana. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, munkatero inu nomwe, koma sindinadziwe kuti posunga langa ndidzagwetsa lanu.

Musakwere basi. Ngati mundilola, ndibwera ine. Ngati simukufuna kundiona panopa, ndimvetsa. Chimene ndikupempha n'chimodzi, ngakhale ndilibe nkhope yopemphera: musasiye kudya. Mzime musamukalipire kwambiri, ndinamuletsa ndine. Mkamwini wanu akuti ngati chikhululukiro chija mukuchibweza, alibe mawu.

Mwana wanu woyamba.

22 Juni

Achemwali,

Moni. Ndinatseka pometera n'kukawapatsa ndekha. Anawerenga mpaka kumapeto, anabwerezanso tsamba loyamba, anavula magalasi. Anandifunsa kuti, “Unkadziwa?” Ndinati eya. Anati, “Pita ukamete anthu.”

Sanalire, mwina analira ine kulibe. Sutikesi yabwerera pamwamba pa wadirobu. Kajuzi sindikukaona. Poto wakhala osakwera pamoto kuyambira tsiku limenelo, akuphika ndi mlamu wanu, ndipo mbale ya amayi ikubwerera mmene yapitira. Tabwerera pa tiyi.

Kambale kakadali mukabati yagalasi. Ndinafuna kukachotsa kuti asamakaone, anati ndisakakhudze.

Sindikukuimbani mlandu. Ndikungonena zoona, monga munapempha poyamba paja.

Mzime wanu.

29 Juni

Iwe,

Ndilipo. Kalata yako ndinaimva.

Bodza sunanene, n'zoona. Unandisiya ndilinene ndekha, ndiliuzenso adalaivala. Zimenezo zidzatenga nthawi.

Koma chimene chikundisowetsa tulo si kajuzi. Mpeni unalowa m'thupi la mwana wanga ine ndikuthirira maluwa. Unadzuka patebulo la madokotala, unayang'ana, mayi ako palibe, ndipo unati zili bwino choncho. Za mpeni ndi shuga wa bambo ako usandiphunzitse, ndinalipo.

Ukuganiza kuti ndimangodziwa kudzaza mbale? Iwe unabadwa masiku asanakwane, ndipo utayamba phala unkalavula chilichonse. Ndinkatapa ndi nsonga ya supuni ya tiyi, n'kudikira umeze, n'kudikiranso, mpaka dzanja kuchita dzanzi. Aliyense m'nyumba ankadya n'kugona ine ndikadali nawe. Amene anakuphunzitsa kudya koyamba ndani? Anthu a kuchipatala?

Bwera. Usagule kalikonse. Undilembere pakapepala zimene sudya, zilembo zikhale zazikulu. Kambale kako kali kuno, ndipo sikapita kulikonse.

Za chikhululukiro cha mkamwini wanga, chimene ndapereka sindilanda. Asachizolowere.

Mayi ako.

12 Julayi

Alamu,

Moni, kaya kumeneko nokhanokha. Akazi anu anafika bwino. Akuti ndikulembereni ine chifukwa iwo alibe mpata, ndipo pafoni amayi amaima pakhomo.

Atatsika basi ndinawadutsa. Ndinazindikira chikwama. Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, “Wasiya kuti mwana wanga wina?” Kenako anawakoleka sikafu yachikasu m'khosi. Ulusi wake mukuudziwa. Yafupika, siizungulira bwino, ulusi wa kajuzi sungakwane khosi la munthu wamkulu, koma achemwali saivula ngakhale kukhitchini.

Tsiku loyamba linali lovuta. Amayi anatsitsa kambale, anakatsuka, anaikamo nkhuku yofewa ndi nyemba pang'ono, kenako dzanja linapita lokha kupoto kukatapa zina. Achemwali anati, “Zakwana, Amayi.” Supuni inaima m'malere, ine ndinayang'ana kukhomo kuti ndithawira kuti. Amayi anabweza mupoto n'kunena kuti, “Ndimayesa ngati uli ndi pakamwa.” Madzulo ake anaiwala n'kuthira shuga mutiyi, achemwali anakana, ndipo amayi sanawalankhule mpaka m'mawa.

Koma pali chimene sitinachiganizire tonse, ngakhale a sikelo amene amaganizira zonse. Akazi anu amachedwa kudya. Inu mukudziwa. Atapa kamodzi, supuni pansi, kutafuna ngati akuwerenga mano. Ine ndimadya, ndimakameta munthu, ndimabwera kudzatenga thaulo, akadali pa abakha. Ndipo amayi sanyamuka patebulo munthu akudya. Amakhala pomwepo kulondera. Achemwali akatambasulira dzanja kukapu ya madzi, amawamenya ndi supuni, akuti, “Theka la ola, unalemba wekha.” Achemwali akayamba kufotokoza za njala ya m'mutu, amayi amati njala yotero kulibe, ndi mwano chabe wa anthu a kukoleji, ndiye amakangana mpaka mpunga kuzizira. Pokanganapo dzanja la amayi limapita kumbale, kukamwa, kumbale. Dzulo anayang'ana pansi n'kufunsa kuti wawadyera nsomba ndani.

Sindinena kuti zonse zatha. Sakudya ngati nthawi ya kajuzi ija. Belu la foni ya achemwali likalira masana, amayi amati, “Kamwana kako kalira,” n'kukawiritsa mazira awiri. Achemwali akuda nkhawa kale kuti tchuthi chikatha zidzatani. Ayamba kundiphunzitsa kuika supuni pansi. Akuti ndizitseka pometera masana. Ndawauza kuti aphunzitsi aakulu adzalira, akuti alire.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi. Amayi akuti mupite kusitolo kumene kunagulidwa kambale kaja mukagule kena, mupatse adalaivala a basi ya m'mawa. Akuti mbale zathuzi n'zazikulu, munthu amatopa nazo asanayambe. Akuti kakhale ka abakha, kofanana ndi koyambako. Sananene kuti n'ka ndani, ifenso sitinafunse.

Kalata muike m'phukusi momwemo.

Mlamu wanu wometa.